Mpira wa achinyamata a mpingo ku Angónia: pomwe ntchito yafika

Zolemba izi ndi za komiti yoyendetsa mpira wamiyendo wa achinyamata pa mipingo ingapo yoyandikana m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete, ku Mozambique. Taziika poyera kuti anzathu a ku Tsangano, Macanga, Chifunde ndi kwina amene akufuna kuyamba ntchito yotere aone zimene zikugwira ndi zimene zikuvuta. Mayina a ana ndi a midzi tawasiya dala. Magulu alipo atatu: anyamata osapitirira zaka 13, anyamata osapitirira zaka 17, ndi atsikana.

MALICHI: BWALO

Mvula itayamba kudula tinayamba ndi bwalo. Malo anaperekedwa ndi amfumu pamaso pa mboni ndipo malire ake analembedwa papepala, chifukwa bwalo lopanda kalata limasanduka munda wa mbatata mwini wake wakale akangoona kuti lasalazidwa.

Malamulo a mpira amalola bwalo kutalika mamita 90 mpaka 120, mulifupi mamita 45 mpaka 90. Malo athu analola 90 kwa 55. Utali wake waloza kumpoto ndi kummwera kuti dzuwa lamadzulo lisamathobwe goloboyi mmodzi m'maso.

Mabwalo ambiri akumudzi amakhala ndi makona opotoka chifukwa choyeza ndi mapazi. Njira yake ndi iyi. Tengani chingwe cha mamita 24, mangani mfundo pa mamita 6 ndi ina pa mamita 14, kenako lumikizani nsonga ziwirizo. Anthu atatu akagwira mfundo zitatuzo n'kukoka, mbali zimakhala 6, 8 ndi 10, ndipo kona ya pakati pa 6 ndi 8 imakhala yowongoka ndendende. Mukakhoma zikhomo zinayi, yezani chopingasa kuchokera pakona ina kufika pakona yoyang'anana nayo. Pa bwalo la 90 kwa 55 muyenera kupeza mamita 105.5 mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, chikhomo china chili pabodza. Chingwe cha nayiloni chimatamuka chikakokedwa kwambiri, choncho chiyezeni ndi tepi musanakhulupirire mfundo zake.

Bokosi lalikulu limayambira mamita 16.5 kuchokera m'kati mwa mtengo uliwonse wa golo, n'kulowa m'bwalo mamita 16.5 omwewo. Laling'ono ndi mamita 5.5. Malo omenyera penate ndi mamita 11 kuchokera pamzere wa golo, ndipo bwalo lozungulira lapakati limajambulidwa ndi chingwe cha mamita 9.15. Pa bwalo lathu pakati pa bokosi lalikulu ndi mzere wa m'mbali pamatsala mamita 7 ndi pang'ono, ndiye amene amaona ngati bokosi lakula kwambiri asadabwe.

Mizere timajambula ndi laimu wopakira nyumba wosungunula m'madzi, kapena phulusa losefa. Laimu wosazimitsa ayi, amawotcha khungu ndi maso mwana akagwerapo ali ndi thukuta. Kukumba ngalande ndi khasu m'malo mwa mzere n'koletsedwa. Phazi likalowamo mothamanga, bondo kapena kakolo zimapita. Zitsa zinazulidwa ndi mizu yomwe. Maenje a zulu anakwiriridwa pang'onopang'ono, dothi pang'ono, madzi, kusinja, dothi linanso. Dzenje lokwirira kamodzi limatitimira mvula yoyamba ikangogwa.

Golo ndi mamita 7.32 m'kati mwake, kutalika mamita 2.44 kufika pansi pa mtanda. Tagwiritsa ntchito bulugamu wouma, kumtsinde kowawula pamoto ndi kopaka oilo wakutha chifukwa cha chiswe, wokumbira masentimita 70. Mtanda wa bulugamu wauwisi umawerama pakati ukamauma, ndipo mkangano wa "yalowa, sinalowe" umayambira pamenepo. Mtandawo umangidwe ndi mabawuti, osati misomali yokha, chifukwa ana amaulendewera. A zaka 13 amasewera mopingasa bwalo, asanu ndi awiri mbali iliyonse, ndi magolo a mamita 5 kwa 2.

EPULO: ZIDA NDI KALEMBERA

Akuluakulu akusewera ndi mpira wa sayizi 5, ana wa sayizi 4. Mpweya woyenera ndi pakati pa 0.6 ndi 1.1 bar pa geji. Popanda geji, gwetsani mpira kuchokera paphewa pa nthaka yolimba. Ukadumpha kufika cha m'chiuno uli bwino. Mipira imafa ndi zinthu zinayi: minga, kuimenyetsa kukhoma la njerwa, kuikhalira, ndi singano ya pampu yolowetsedwa youma, imene imang'amba valavu. Nyowetsani singano ndi madzi a sopo. Mipira yachikulunga sitinaitaye. Imathandiza kuti mwana aliyense akhale ndi mpira wake pophunzira kuwongolera, m'malo moti ana khumi aime pamzere kudikira mpira umodzi.

Za nsapato: onse avale kapena onse avule. Kusakaniza wa nsapato zamano ndi wopanda nsapato ndi kufuna zala zothyoka. Zotchinjiriza miyendo zikupangidwa kuchokera ku mapatapata akutha, n'kulowetsa m'sokosi.

Kalembera ndiye watidyera nthawi, ndipo ndi pamene chikhristu cha timu chimayesedwa koyamba. Mwana aliyense abwere ndi cédula (chiphaso cha kubadwa) kapena BI (chitupa cha unzika). Wopanda zonsezi, ndipo alipo ambiri, timayang'ana kaundula wa sukulu ndi wa ubatizo, ndipo kholo limasayina kapena kudinda chala. Timawerengera chaka chobadwa, osati mwezi, kuti pasakhale zokokana. Aliyense amajambulidwa chithunzi pafoni atanyamula pepala lolembedwa dzina lake, ndipo zithunzizo zimasungidwa ndi mlembi yekha. Masewera asanayambe, makaputeni ndi oyimbira amafananitsa nkhope ndi zithunzi.

Chinyengo chofala ndi cha mkulu kubwera ndi pepala la mng'ono wake. Dzina la bambo ndi lomwelo, nkhope n'zofanana, ndipo mudzi wonse umadziwa koma umakhala chete chifukwa mnyamatayo amagoletsa. Amene amakakamiza zimenezi nthawi zambiri si ana. Ndi akuluakulu ochemerera, ena mwa iwo a maudindo mumpingo, amene amati, "Akochi, anzathu onse amatero, ife tokha tizigonja?" Yankho la komiti ndi lakuti inde, ngati kugonja kwake ndi kumeneko. Mwana wa zaka 12 amene wakhala pabenchi kuti wa zaka 16 asewere ndi dzina labodza waphunzira kale kuti pemphero la pachiyambi ndi mwambo chabe, ndipo palibe phunziro la Baibulo limene lingafufute zimenezo. Palinso ngozi ya thupi: mafupa a mwana wa zaka 12 sanakhwime moti n'kugundana ndi mnyamata amene amasenza matumba a chimanga. Lamulo lathu likuti timu yopezeka ndi wosewera wa zaka zabodza ilandidwe mapointi a masewera onse amene anaseweramo, ngakhale itakhala ya mpingo umene ukusunga bwalo. Mnyamatayo sathamangitsidwa, amakwezedwa ku gulu la msinkhu wake. Amene amayankha mlandu ndi mphunzitsi.

MEYI: DONGOSOLO LA TSIKU NDI MALO A MAWU

Kukolola kunachepetsa ana masabata oyamba. Sitilemba kujomba mwana amene ali kumunda ndi makolo ake. Popeza sukulu za kuno ena amalowa m'mawa ena masana, Lachiwiri timakumana m'mawa, Lachinayi 15:00, ndipo Loweruka onse pamodzi. Lamulungu m'mawa bwalo limakhala lotseka. Ana a mabanja opembedza Loweruka salandidwa malo m'timu chifukwa chosabwera tsikulo.

Tsiku limatenga ola ndi theka. Mphindi 20 zoyamba ndi zotenthetsa thupi motsata ndondomeko ya FIFA 11+: kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa mimba ndi ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi kutera mawondo atapindika osagwera m'kati. Ana amadana nazo chifukwa mulibe mpira, koma ndi zimene zimachepetsa kubinya. Mphindi 25 zotsatira ndi kupatsirana m'mabokosi a mamita 10 kwa 10, anayi kunja mmodzi pakati, kenako awiri pakati. Pamenepo pamabwera kumwa madzi ndi Mawu a Mulungu, mphindi 10. Zotsalazo ndi masewera.

Malo a Mawu anayesedwa m'njira zitatu. Akaikidwa poyamba, ana amachedwa dala n'kumaonekera kuseri kwa tchire "ameni" akangomveka. Akaikidwa pomaliza, theka lapita kale kukatsekera mbuzi, ndipo otsalawo maso ali kunjira. Pakati ndi pamene pagwira: onse alipo, atopa mokwanira kukhala pansi, ndipo masewera amene akuwayembekezera ali kutsogolo, moti zimene amvazo zimayesedwa nthawi yomweyo.

Ndime imakhala imodzi, funso limodzi, ndipo funsolo lichokere pa chimene chachitika pabwalo lomwelo. Awiri akakankhana m'bokosi la kupatsirana, timawerenga Yakobo 1:19-20 za kufulumira kumva ndi kuchedwa kupsa mtima. Wina akamakana kupatsira anzake, kapena otchinga kumbuyo akamanyozedwa chifukwa sagoletsa, timapita ku 1 Akorinto 12 za ziwalo za thupi. Sabata ya kalembera inali ya 2 Timoteo 2:5, pamene akunena kuti wopikisana salandira mphoto ngati sanatsate malamulo. Ndime ya 1 Timoteo 4:8 imatithandiza ndi makolo amene amati mpira ndi wa chabe, komanso ndi ana amene amati mpira ndi zonse, chifukwa imavomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu koma imaliika pamalo pake.

Afilipi 4:13 taiika kaye pambali. Ana amaiona pa malaya ndi pa Facebook za osewera otchuka n'kumaimva ngati lonjezo la kugoletsa. Paulo analemba mawuwo ali m'ndende, akunena za kudziwa kukhala wokhuta ndi kukhala wanjala. Tidzaiwerenga tsiku limene timu yagonja kwambiri, kuyambira ndime 11.

Wowerenga apatsidwe ndime tsiku lisanafike. Ana ambiri kuno anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ndiye Chichewa cholembedwa chimawapunthwitsa ngakhale amachiyankhula bwino, ndipo wopunthwa pamaso pa anzake sabwereranso kudzawerenga. Wofotokoza akhale mphunzitsi wa mpira mwiniwake. Abusa ndi akulu ampingo ndi olandiridwa, koma wezulo imalira mphindi 10 zikakwana, kaya alipo ndani. Izi tinagwirizana nawo pasadakhale, ndipo ena amaseka okha ikawalirira ali pa mfundo yachiwiri mwa zisanu.

JUNI: PEMPHERO NDI ZITHUMWA

Kuzizira kwafika, ndipo cha m'ma 17:30 kumakhala kwayamba kuda, choncho Lachinayi tikumaliza 16:30. Masewera ndi matimu akunja anayamba pa tsiku la ana la 1 Juni ndi pa tchuthi cha 25 Juni, ndipo anabwera ndi nkhani imene aliyense wodziwa mpira wa kuno amaiyembekezera.

Zooneka ndi izi: timu kukana kulowera pamene ena alowera, kukana kupatsana moni wa m'manja, kuwaza madzi kapena mchere pagolo, kanthu komangidwa m'sokosi ya goloboyi, munthu kukakwirira kanthu pamalo a penate usiku. Ana athu amaziona, amaopa, ndipo mantha amenewo amaoneka m'miyendo. Wowopa amafika mochedwa pa mpira, akagonja amati mankhwala agwira, ndipo sabata yotsatira amafuna ake.

Komiti yakhazikitsa zinthu zitatu. Choyamba, timu yathu sigwiritsa ntchito chilichonse cha zimenezi, ndipo ndalama za timu sizipita kwa sing'anga. Chachiwiri, sitisecha mwana wa timu ina, sitikumba pagolo pamaso pa anthu, ndipo sititchula munthu kuti mfiti. Mawu amenewo akatuluka pabwalo amakafika kumudzi, ndipo wovutika amakhala agogo ena amene sanaonepo n'komwe masewerawo. Mphete, mikanda ndi zibangili zimavulidwa ndi onse chifukwa malamulo a mpira amaletsa zovala zotere, ndipo oyimbira amanena chifukwa chimenecho basi. Chachitatu ndi chimene chinadzetsa mkangano wautali: zithumwa zachikhristu nazonso ayi. Baibulo kuliika kuseri kwa golo kuti mpira usalowe, madzi opemphereredwa kuwaza pamzere, kusala kudya kuti tipambane Loweruka, zonsezi ndi maganizo omwe aja atangosintha malaya. Mwana amene waphunzira kuti pemphero ndi mankhwala amphamvu kuposa a anzathu adzalisiya tsiku limene lalephera kugoletsa.

Chifukwa chake pemphero la masewera lasinthidwa. Matimu onse awiri amaima pamodzi pa bwalo lapakati, osakanikirana, ngati alendowo avomera. Wopemphera amathokoza chifukwa cha thupi ndi tsiku, amapempha kuti pasakhale wovulala, kuti oyimbira aone bwino, kuti opambana asanyoze ndi ogonja asabwezere. Sapempha chigoli. Masewera akatha timapempheranso pamalo omwewo, ndipo ili ndiye pemphero lovuta. Opambana amafuna kuthamanga ndi ochemerera, ogonja amafuna kuzemba. Likhale lalifupi, mawu ochepa, ndipo mlungu wina aliyambitse kaputeni wa timu yogonja. Pa zonse zimene timachita, apa ndi pamene timaona msanga mwana amene zinthu zayamba kusintha mumtima mwake.

Timu ikagonja, Lachiwiri lake timakambirana za mpira weniweni: ndani anasiya munthu wake pa kona, chifukwa chiyani apakati anatopa m'chigawo chachiwiri. Kugonja kukapezeredwa chifukwa chooneka ndi maso, nkhani ya mankhwala imachepa yokha.

JULAYE: MKWIYO

Kuyambira 2017 malamulo a mpira amalola kuti m'masewera a achinyamata ndi akumudzi wosewera atulutsidwe kwa kanthawi. Tikugwiritsa ntchito zimenezi pa kutukwana ndi kukangana ndi oyimbira: mphindi 10 kunja pa masewera a mphindi 90, zocheperapo kwa ana. Wotulutsidwayo amakhala pafupi ndi munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kukhala naye chete. Kumulalikira ali wefuwefu n'kutaya mawu.

Womenya mnzake amalandira khadi lofiira ndipo saseweranso masewera awiri, koma amabwerabe pa maphunziro, n'kumanyamula madzi ndi kujambula mizere. Kumuthamangitsiratu ndi kumupereka kwa anzake a pa kachasu. Kuyanjanitsa kumatsata Mateyu 18:15, awiriwo paokha poyamba, ndipo kumachitika tsiku lotsatira. Kupepesa kokakamiza pamaso pa gulu nthawi yomweyo kumatulutsa "pepani" wa pakamwa, ndipo ndewu imakathera kunjira yopita kwawo.

Lamulo lomweli likugwira mphunzitsi. Akatukwana oyimbira amachoka pabenchi, ndipo Lachiwiri amayamba ndi kupepesa kwa ana. Vuto lotsala ndi ochemerera akuluakulu. Mawu akuti "oyimbira wadya" ndi "mthyole ameneyo" amachokera kunja kwa mzere. Tamanga chingwe mamita 3 kuchokera pamzere, ndipo akulu ampingo awiri amayenda m'mbali mwake. Oyimbira sachokera kumudzi wa timu iliyonse, ndipo amalandira ndalama yake masewera asanayambe kuti pasakhale wonena kuti akuyembekezera kwa wopambana.

OGASITI: ANA A KWINA, NDI ATSIKANA

Dera lino mipingo ndi yakale ndipo ndi yambiri. Mishoni ya Mphatso, gwero la mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique, inatsegulidwa mu 1909 ndipo boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Ya Akatolika ku Lifidzi ndi ya zaka zoyambirira zomwezo. Lero pabwalo pamabwera ana a mipingo imeneyi, a Pentekosite, a Chisilamu, a mabanja a gule wamkulu, ndi ena osapemphera konse. Panali pempho lakuti woyamba masewera akhale yekhayo amene anaoneka kutchalitchi Lamulungu. Komiti yakana. Malo m'timu akakhala malipiro a kupemphera, mudzapeza tchalitchi chodzaza ndi anyamata oyang'ana ngati mlembi wawaona, ndipo mpira ukatha nawonso atha. Malo amapezeka ndi kubwera pa maphunziro, khalidwe pabwalo ndi luso.

Makolo amauzidwa poyera tsiku lolembetsa kuti pamakhala kuwerenga Baibulo ndi pemphero. Mwana wosafuna kupemphera amakhala chete mwaulemu, sakakamizidwa. Pabwalo sitinyoza mpingo wina kapena mwambo wa makolo a mwana. Amene wafunsa yekha za kalasi kapena ubatizo amatumizidwa kwa abusa kapena katekisiti wa mpingo umene banja lake lili, ndipo makolo amadziwitsidwa. Mphunzitsi sabatiza ndipo sasamutsa nkhosa.

Kaundula wathu alibe mzere wa "otembenuka". Timalemba kubwera, makhadi, ngati mwana akadali pasukulu, ndi ndemanga ya kholo pakutha pa chigawo cha sukulu. Za mumtima sitingaziwerenge, koma zina zimaoneka: wonena yekha kuti mpira wamukhudza dzanja oyimbira asanaone, wodzutsa mdani amene wamugwetsa, wobweza chenji cha madzi chonse.

Gulu la atsikana likuyenda pokhapokha pali mayi wamkulu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akalephera kubwera, maphunziro palibe. Mphunzitsi wamwamuna satsala ndi mtsikana payekha, samuperekeza, ndipo salemberana naye mauthenga pafoni. Zonse zimadzera kwa makolo. Amamaliza dzuwa likadali pamwamba ndipo amapita kwawo m'magulu. Makabudula oyera asinthidwa ndi akuda ofika m'mawondo, ndipo mayiyo amasunga nsalu ndi sopo m'chikwama. Chimene chimachotsa atsikana ndi ntchito zapakhomo ndi ukwati. Mtsikana akajomba masabata awiri, amayi awiri amapita kwawo kukacheza. Lamulo la dziko lino la nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo amayiwo amalinena mosabisa koma mwaulemu, amfumu akudziwa.

SEPUTEMBALA: MALOTO NDI NDALAMA

Mnyamata aliyense wa gulu la zaka 17 akufuna kukasewera Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino. Sitiwaseka. União Desportiva do Songo, ya m'chigawo chathu chino, inapambana ligi imeneyi mu 2017 ndi 2018, Chingale ya mumzinda wa Tete amaidziwa, ndipo Reinildo Mandava, wobadwira ku Beira, anapambana ligi ya France ndi timu ya Lille mu 2021 asanapite ku Atlético Madrid. Njira ilipo, koma ndi yopapatiza, ndipo bondo limodzi likhoza kuitseka tsiku limodzi. Chifukwa chake wosiya sukulu popanda chifukwa saseweranso masewera a mpikisano mpaka makolo ndi komiti atakhala pansi. Amene anasiya kalekale amafunsidwa kusonyeza chimene akuchita: dimba, ukalipentala, kukonza njinga zamoto.

Tachenjeza makolo za anthu obwera ndi mawu akuti ali ndi timu ku Beira kapena ku Maputo, mungopereka ya mayendedwe ndi ya mapepala. Mwana sachoka popanda kalata ya kalabu, komiti itayankhula ndi kalabuyo payokha kudzera ku bungwe la mpira la chigawo, ndipo amapita ndi wachibale wamkulu. Wofuna ndalama kuti akayese mwana ndi wokayikitsa kuyambira pomwepo.

Kubetcha kwalowa kudzera pafoni. Zizindikiro zake timazidziwa tsopano: mnyamata wodziwa zotsatira za matimu a mayiko amene sangawaloze pamapu, wobwereka tindalama kawirikawiri, wogulitsa nsapato zake. Sitimuyalutsa. Timakhala naye pansi ndi pepala, n'kumuuza alembe zonse zimene anaika mwezi umenewo ndi zonse zimene anapata. Ambiri amakumbukira tsiku limodzi lopata n'kuiwala ena onse, ndipo masamuwo amayankhula bwino kuposa ife. Masewera oikirana ndalama, mbuzi kapena nkhuku pakati pa midzi timu yathu silowa nawo. Ndewu zambiri za pabwalo zimachokera kumeneko. Ndalama za timu zimasungidwa ndi anthu awiri, ndipo buku limawerengedwa pamaso pa ana mwezi uliwonse.

OKUTOBALA: KUTENTHA, KUVULALA, NDI ZOTSALA

Bwalo lauma gwa, ndipo zilonda zokhuzuka zachuluka. M'bokosi la chithandizo muli madzi oyera, sopo, mabandeji, magolovesi, ndi shuga ndi mchere: masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi, kwa wofooka ndi thukuta. Wotuluka magazi amachoka m'bwalo mpaka atamangidwa. Wobinya amagonekedwa mwendo uli m'mwamba, nsalu yozizira, bandeji yosathina. Osakoka, osapotokola, osatema mphini. Akalephera kuponda masitepe anayi, apite kuchipatala. Wogunda mutu n'kuchita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka sabwereranso m'bwalo tsikulo ngakhale atalira bwanji, ndipo amaperekezedwa kuchipatala. Apanso mphunzitsi amayesedwa, chifukwa wovulalayo amakhala amene timu ikumudalira.

Kuno kumapiri kutentha n'kopiririka, koma ulendo wa ku Moatize kapena ku Tete mwezi uno ndi nkhani ina. Kumeneko kumapitirira madigiri 40. Masewera oterowo akhale m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ndi kupumira kumwa madzi pakati pa chigawo chilichonse. Mitambo yamvula ikayamba, bingu likamveka pasanathe masekondi 30 chiphaliwali chitang'anima, onse atuluke m'bwalo kukalowa m'nyumba, osati pansi pa mtengo, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Mpikisano uyima mvula yobzalira ikagwa, ndipo mayeso a sukulu ali pafupi. Zisanafike zimenezo, mtanda wa golo la kummwera usinthidwe chifukwa wawerama, ngalande ya kumtunda ikumbidwe mamita 5 kunja kwa mzere kuti madzi asadule bwalo, ndipo mipira ichepetsedwe mpweya n'kusungidwa m'thumba lopachika, kutali ndi makoswe.

Nkhani imene sinathe ndi ya anyamata amene akupitirira zaka 17 chaka chino. Gulu la akuluakulu tilibe, ndipo matimu a m'misika amene akuwayembekezera ndi aja oikirana ndalama. Maganizo ali pa tebulo ndi awiri: kuyambitsa gulu lachinayi, zimene zikufuna mphunzitsi wina ndi tsiku lina pabwalo, kapena kuwaphunzitsa kuyimbira ndi kuthandiza pa gulu la zaka 13, awiriawiri pansi pa munthu wamkulu. Abusa apempha kuti anyamatawo afunsidwe okha komiti isanagamule, ndipo msonkhano wawo ukhala Loweruka loyamba mayeso akatha.